Kalata kwa akuluakulu a boma: mwala ukagwa kuchokera kumwamba, tiupititse kwa yani?

Olemekezeka a Nduna oona za chikhalidwe, a Nduna oona za migodi, a Bwanamkubwa a chigawo cha Tete, ndi inu nonse oyang'anira ma muzeu, nyumba zosungiramo zinthu zakale za dziko lathu,

Landirani moni kuchokera kuno ku Angónia, m'dziko lathu la Mozambique. Ine ndine mphunzitsi wopuma. Ndinaphunzitsa ana sayansi ya zachilengedwe m'masukulu a kumudzi kwa zaka zambiri. Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala, chifukwa anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza ndi olima chimanga ndi mbatata, amene Chipwitikizi amachimva pang'ono chabe. Ndikudziwa kuti m'maofesi mwanumo muli ana a kuno amene angakuwerengereni.

Kwa malume anga, m'mudzi wina woyang'anizana ndi phiri la Dómuè, kunali mwala umene unkakhala pansi pa nkhokwe. Kukula kwake kunali ngati dzungu laling'ono, koma aliyense woyesa kuunyamula ankayamba wauika pansi n'kuuyang'ananso, chifukwa kulemera kwake sikunkagwirizana ndi msinkhu wake. Kunja unali wakuda ngati kunsi kwa mphika. Unali ndi timaenje tosalala, tonga mmene chala chachikulu chimasiyira pa dothi loumbira likadali lofewa. Agogo ankasimba kuti mwalawo unagwa usiku iwo akadali namwali, m'chilimwe, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe. Kunang'anima mpaka anthu anaona mitengo ngati masana, patapita kanthawi kunagunda ngati bingu, agalu n'kuuwa mudzi wonse. Kutacha, amuna anaupeza utazika m'nthaka kumapeto kwa munda. Ena anati nyenyezi yathothoka, kwinakwake kwagwa mfumu. Ambiri anaopa kuukhudza. Agogo aamuna ndiwo analimba mtima, anauzula ndi khasu n'kukauika pansi pa nkhokwe, ndipo nkhokwe ikaola ankamanga ina, mwalawo n'kusamukira komweko.

Nditayamba uphunzitsi, chaka chilichonse ndinkakaubwereka. Ndinkaukulunga m'thumba la feteleza, kuumanga ndi mphira pa kaliyala ya njinga, ulendo wa kusukulu. M'kalasi ndinkatulutsa maginito imene ndinachotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Ndikaiyandikiza, inkadumpha m'zala n'kukamata pamwalapo, ana onse n'kuimirira pamabenchi. Pamenepo m'pamene ndinkayambira phunziro: kuti pakati pa Mars ndi Jupiter pali miyala yosawerengeka yozungulira dzuwa, kuti yambiri mwa iyo ili ndi zaka pafupifupi 4,500 miliyoni, kuti umodzi ukasochera n'kulowa mumpweya wa dziko lathu umabwera pa liwiro loposa makilomita 11 pa sekondi imodzi, khungu lake n'kusungunuka ndi kutentha, ndipo kuda kuja n'chipsera cha ulendo umenewo. Ana ankapanga mzere kuti aliyense augwireko. Panali mtsikana wina wamanyazi, wosayankha m'kalasi, amene tsiku limenelo anandifunsa kuti, “Aphunzitsi, ndiye kuti kumwambako kulinso chitsulo ngati cha khasu?” Funso limenelo sindinaliiwale mpaka lero.

Koma ine ndinali mphunzitsi wa maginito ya wailesi basi. Ndinkafuna kuti odziwa aupime mwalawo, atiuze zoona zake, aulembe m'buku. Ndinaujambula, ndinalemba zonse zimene agogo ankanena, n'kukwera chapa, minibasi ya kuno, kupita ku ofesi ina. Kumeneko anandiuza kuti za miyala amaona ndi a migodi. A migodi atamva kuti si golide ndipo si mwala wonyezimira, anati imeneyi ndi nkhani ya a chikhalidwe. Sinditchula maofesiwo ndipo sindikuwaimba mlandu. Anandilandira ndi ulemu, anandipatsa mpando. Vuto linali loti panalibe ndi mmodzi yemwe amene anali ndi pepala lomuuza chochita munthu akabwera ndi nkhani yotere. Womaliza anandilangiza mokoma mtima kuti ndiutumize ku Maputo. Kuchokera kuno kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Mwala wa eni, wolemera choncho, ndikanaupereka m'manja mwa yani, ndipo ndikanawauza chiyani malume ukanapanda kubwerera? Ndinabwerera kumudzi n'kuubwezera pansi pa nkhokwe.

Amene anafika pakhomo pa malume anali anyamata awiri pa njinga yamoto. Iwo ndiye ankadziwa chochita. Anali ndi maginito yawo, sikelo yaing'ono ya m'thumba, ndi foni. Ankayenda mudzi ndi mudzi kufunsa za miyala yolemera, ndalama zakale, ndi mitengo imene inasanduka miyala. Ana a sukulu, amene ine ndemwe ndinawaphunzitsa, ndi amene anawalozera nyumba. Anaujambula mbali zonse, kutumiza zithunzi pa WhatsApp kwa bwana wawo, n'kukhala pamthunzi kudikira yankho. Foni italira, anatchula mtengo. Inali nthawi yobzala, malume ali chigonere ndi matenda, m'nyumba mulibe ndi thumba limodzi lomwe la feteleza. Msuweni wanga analandira ndalama zokwanira matumba awiri.

Nditamva ndinapita msangamsanga. Ndinamupeza akupalira. Ndisanatsegule pakamwa anati, “Asuweni, musandikalipire. Inu munayenda nawo m'maofesi, anakupatsani chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.” Ndinasowa chomuyankha, ndipo sindinamukalipire. Panalibe lisiti. Mayina a anyamatawo sanawafunse. Nambala imene anasiya inasiya kugwira patangotha sabata.

Olemekezeka, mungafunse kuti mwala umodzi ukudandaulitsa munthu wamkulu chonchi bwanji. Chikundipweteka kwambiri n'chakuti mwalawo wapita ndi dzina la mudzi wathu. Akatswiri a miyala yochokera kumwamba ali ndi bungwe lawo la dziko lonse, Meteoritical Society, ndipo mwambo wawo ndi wakuti mwala uliwonse umatchedwa dzina la malo amene unagwera kapena kupezeka. Pa 22 January 1981 ku Malawi kunagwa mwala wa makilogalamu 93, ndipo mpaka lero m'mabuku a sayansi kulikonse umatchedwa Machinga. Wina unagwa mu 1899, dzina lake ndi Zomba. Mwana wa ku Machinga akhoza kutsegula intaneti n'kupeza boma la kwawo litalembedwa pakati pa zinthu za kuthambo. Koma mwala ukadutsa m'manja mwa ogula osalemba kumene autenga, umafika kwa asayansi uli wopanda kwawo. Miyala yambirimbiri ya m'chipululu cha Sahara imangolembedwa zilembo NWA, kutanthauza kumpoto chakumadzulo kwa Africa, n'kuikapo nambala. Wa malume uja, ngati unalidi wochokera kumwamba, mwina panopa waduladulidwa tizidutswa, ukugulitsidwa pa galamu, ndipo palibe adzadziwe kuti unagwa moyang'anizana ndi Dómuè, kapena kuti panali mayi wina amene anauona ukugwa n'kusunga nkhani yake moyo wake wonse.

Ndalama zake si zamasewera. Mu November 2023, m'chigawo cha Agadez ku Niger, munapezeka mwala wochokera ku Mars wolemera pafupifupi makilogalamu 25. Anautcha NWA 16788. Pa 16 July 2025 unagulitsidwa ku Sotheby's, kampani yogulitsa zinthu pa okushoni, mumzinda wa New York pa madola pafupifupi 5.3 miliyoni. Boma la Niger linayamba kufufuza mmene mwalawo unatulukira m'dziko zitatha kale, uli m'manja mwa wogula wosadziwika. Ku Somalia nako, pafupi ndi El Ali, kunali chimwala chachitsulo cha matani 15 chimene abusa a ngamira ankanolerapo mipeni kuyambira makolo awo, chotchulidwa m'nyimbo ndi m'ndakatulo zawo. Mu 2020 chinazulidwa n'kutengedwa pa galimoto. Kachidutswa ka magalamu 70 kanafika ku yunivesite ya Alberta ku Canada, kumene mu 2022 analengeza kuti apezamo mitundu iwiri ya miyala imene inali isanapezekepo m'chilengedwe padziko lino. Chimwala chenichenicho, malipoti anati chinatumizidwa ku China kukafuna msika. Abusa aja anatsala ndi dzenje. Nditawerenga zimenezi ndinakumbukira malo osalala pansi pa nkhokwe ya malume.

Anansi athu ena anadzuka kale. Ku Namibia, mwala wa Hoba pafupi ndi Grootfontein, wolemera pafupifupi matani 60, unapezedwa mu 1920 ndi mlimi akulima, ndipo kuyambira 1955 ndi chuma chotetezedwa cha dziko. Uli pomwe unagwera, alendo amapita kukauona. Ku Tanzania kuli wa ku Mbozi, umene eni dera amautcha kimondo, nawonso uli pamalo pake. South Africa inalemba miyala yochokera kumwamba mwachindunji m'lamulo lake la chuma cha makolo la 1999: kuitola, kuigulitsa kapena kuitulutsa kunja kumafuna chilolezo. Koma chitsanzo chimene ndikufuna muchiyang'anitsitse ndi cha Botswana. Pa 2 June 2018 mwala wina unaphulikira mumlengalenga mwa dzikolo, zidutswa n'kugwera m'nkhalango ya Central Kalahari. Boma silinatseke chitseko kwa asayansi akunja. Anabwera, koma anasaka limodzi ndi akatswiri a Botswana ndi alonda a nkhalangoyo, ndipo pa 23 June chidutswa choyamba chinapezeka. Mwalawo unatchedwa Motopi Pan, dzina la malo a komweko, ndipo zidutswazo zili m'manja mwa muzeu wa dziko la Botswana. Sayansi inapindula, dziko silinataye kanthu.

Ife malamulo tili nawo, sindikukana. Ndime 98 ya malamulo aakulu a dziko imati chuma cha m'nthaka ndi cha pansi pa nthaka n'cha Boma. Lamulo 10/88 limateteza chuma cha chikhalidwe chathu. Dekereto 27/94, lamulo la boma la za kufukula zakale, imati wofukula zakale akhale ndi chilolezo, ndipo wopeza chinthu chakale mwangozi adziwitse akuluakulu a dera pasanathe maola 48. Imatinso ntchito zikuluzikulu zokumba nthaka zipatule ndalama zosachepera 0.5 peresenti ya mtengo wa ntchitoyo kuti zakale zopezeka pamenepo zipulumutsidwe. Ndi malamulo abwino. Koma pitani pa msika wa Ulónguè tsiku la msika, mufunse anthu khumi za maola 48 amenewa. Funsani a nyakwawa. Funsani aphunzitsi anzanga. Lamulo lili m'Chipwitikizi, m'buku limene kumudzi silifika, pamene wogula amafika yekha pakhomo, akulankhula Chichewa, ndalama zili m'thumba.

Choncho pempho langa loyamba n'lakuti mutiuze momveka, m'chiyankhulo chathu: mwala ukagwa kuchokera kumwamba m'munda mwanga, ndi wa yani? Ndi wa a migodi kapena wa a chikhalidwe? Ndikauze yani, ndipo iyeyo achite chiyani? Gwirizanani inu akuluakulu kumtundako, musankhe khomo limodzi, kuti mlimi asamayende ndi mwala pamutu kuchoka ofesi ino kupita ofesi iyo. Yankho lake likwane pa pepala limodzi. Liwerengedwe pa Rádio Moçambique ya ku Tete m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe, ndi pa mawailesi a m'madera. Lifike kwa mafumu ndi kwa shefi wa lokalidade aliyense, mkulu wa boma wa m'dera.

Ndipo polemba pepalalo, chonde musamusandutse mbala munthu wotola mwala. Mukangoti “mwalawo ndi wa Boma, wousunga amangidwa,” anthu adzaubisa m'chimbudzi kapena kuugulitsa usiku, malire a Dedza ndi Zóbuè ali pafupi, njira zodutsa m'tchire aliyense amazidziwa. Msuweni wanga sanagulitse mwala uja chifukwa cha dyera. Anagulitsa chifukwa mvula inali itagwa ndipo chimanga sichidikira. Wobweretsa mwala alandire mphotho yooneka, yolembedwa m'lamulo, yoperekedwa nthawi yomweyo mwalawo ukatsimikizika. Alandire lisiti lokhala ndi chidindo. Dzina la mudzi wake lilembedwe pambali pa mwalawo kumene ukasungidwe. Boma likalephera kupikisana ndi matumba awiri a feteleza, lidzataya miyala yonse imene idzagwe m'chigawo chino.

Pali china chimene ndiyenera kunena mosabisa. Miyala yambiri yakuda, yolemera, yomata maginito, si yochokera kumwamba ayi. Nthaka ya Tete ili ndi miyala yachitsulo yambiri, ndipo m'minda mwathu timafukula zotsalira za ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Mbiri ya mamiliyoni a ku New York ikafika m'midzi popanda woiwongola, anyamata adzasiya makasu n'kumathamangitsa miyala wamba, ndipo akathyali adzawadyera ndalama powalonjeza “kuwapimira” kapena “kuwapezera msika.” Mankhwala ake ndi malo opimira apafupi, aulere, odziwika. Kodi n'zosatheka? Ku Moatize kuli sukulu yophunzitsa za miyala ndi migodi. Ku Tete kuli Instituto Superior Politécnico kumene ana athu akuphunzira uinjiniya wa migodi. Kuno ku Ulónguè kuli nthambi ya yunivesite ya UniZambeze. Anthu odziwa kuyang'ana mwala tili nawo m'chigawo momwe muno. Chosowa ndi chilolezo chochokera kwa inu, mgwirizano ndi Museu Nacional de Geologia ya ku Maputo, ndi kabati yokhala ndi loko ndi kaundula.

Tsopano ndilankhule za ochita kafukufuku, chifukwa nkhani ya kutengedwa kwa zinthu m'chigawo chino sinayambe ndi anyamata a njinga yamoto. Mu 1907 Mjeremani wina, Carl Wiese, anafukula m'phanga la Chifumbaze kumpoto kwa chigawo chathu. Mapale amene anapeza kumeneko anakhala ofunika kwambiri moti akatswiri a zakale anatenga dzina la Chifumbaze n'kulipereka ku chikhalidwe chonse cha alimi oyamba osula chitsulo kum'mawa ndi kumwera kwa Africa. Ophunzira a m'mayunivesite akutali amalemba dzina limeneli pa mayeso. Ana athu a ku Chifunde ndi ku Macanga, ndi angati anaonapo ngakhale chithunzi cha phale limodzi la pamenepo? Kuyambira 1936, gulu la wofufuza Santos Júnior lochokera ku Portugal linayenda m'dziko la Tete, kuyeza mitu ndi matupi a makolo athu, kujambula zolembedwa m'mapanga, kusonkhanitsa zida ndi ziwiya. Zosonkhanitsazo zinapita ku Lisboa. Imeneyo inali nthawi ya atsamunda, palibe ankafunsa mwini mudzi. Koma tili pa ufulu kuyambira 1975, ndipo mtunda wa pakati pa mudzi ndi kabati yosungira zinthu zake sunafupike kwenikweni. Kale zinkapita ku Lisboa, lero zabwino zikapulumuka zimapita ku Maputo. Kwa mwana wa ku Tsangano, konseko n'kutali chimodzimodzi.

Sindikudana ndi asayansi, ine ndemwe ndine mwana wa sayansi. Ndaona ntchito yabwino imene ingachitike boma likakhala maso. Ku Niassa, akatswiri a muzeu wathu wa za miyala pamodzi ndi anzawo a ku Portugal anafukula mafupa a kanyama kamene kanakhalako zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, ndipo mu 2013 anakatcha Niassodon mfumukasi. Tamvani dzinalo. Mawu athu akuti mfumukazi alowa m'mabuku a sayansi a dziko lonse, ndipo sadzachokamonso. Akatswiri a mgwirizano womwewo ndi amene alemba za nkhalango ya mitengo imene inasanduka miyala kuno ku Tete, cha ku Mágoè ndi madera ena, mitengo ya zaka pafupifupi 250 miliyoni, yogona pamtunda thunthu lonse. Achinyamata a dziko lino aphunzirapo ukatswiri pa ntchito imeneyi. Umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Komatu mitengo yomweyo ndi imene anyamata a njinga yamoto aja ankaifunsanso. Chimene wasayansi wachilemba lero kuti n'chosowa, mawa wogula amachidziwa mtengo. Kafukufuku akaulula malo, chitetezo chifike tsiku lomwelo.

Kuyang'anira kumene ndikupempha si kochulukitsa zidindo kuti wofufuza akhale miyezi akudikira siginecha ku Maputo. Zimenezo zimangothamangitsa oona mtima, akuba sapempha chilolezo n'kale. Ndikupempha kuti kuyang'anirako kufike pansi, pamene chinthucho chikutoledwa. Munthu akabwera m'mudzi kuti ndi wa yunivesite kapena wa muzeu, aonetse keredensiyali yake, kalata yomuchitira umboni, kwa mfumu, ndipo mfumuyo ikhale ndi nambala ya foni yoimbira kuti itsimikize. Lero mfumu ilibe njira yosiyanitsira wasayansi ndi wamalonda, onse amabwera ndi chikwama ndi mawu okoma. Chilichonse chotengedwa chilembedwe pamaso pa mfumu, pepala lina litsale m'mudzi. Chopita kunja kukapimidwa chikhale ndi tsiku lobwerera, ndipo pakhale munthu amene ntchito yake ndi kulondola tsikulo. Bungwe lija la Meteoritical Society limafuna kuti mwala uliwonse wochokera kumwamba usanapatsidwe dzina, kachidutswa ka magalamu 20, kapena gawo limodzi mwa magawo asanu ngati mwalawo ndi waung'ono, kasungidwe m'nyumba yodalirika ya sayansi. Limbikirani kuti muzeu wathu akhale nyumba yoteroyo, kuti za m'dziko muno zizisungidwa muno. Ndipo wofufuza akamaliza, abwerere kumudzi kuja, akhale pansi pa mtengo ndi anthu amene anamunyamulira katundu ndi kumulozera njira, awauze m'Chichewa chimene anapeza. Chilolezo chake chachiwiri chidalire pa ulendo umenewo.

Kaundula wa zilolezo zimenezi akhale poyera. Aliyense athe kuona kuti chaka chino m'chigawo cha Tete mwaloledwa magulu angati, akufukula kuti, atenga chiyani, ndipo zili kuti. Ndalama za 0.5 peresenti zija nazonso tiuzeni. Malasha a ku Moatize akhala akukumbidwa mwamphamvu kuyambira 2011, midzi inasamutsidwira ku Cateme, nthaka yatembenuzidwa yochuluka zedi, ndipo m'miyala ya malasha mumapezeka masamba a mitengo yakale atadindika ngati chithunzi. Damu la Mphanda Nkuwa likukonzekeredwa pa Zambezi. Anthu a Tete ali ndi ufulu wodziwa zimene zapulumutsidwa pa ntchito zonsezi ndi kumene angakazione.

Ndisaiwale zogwa kumwamba za mtundu wina, zopangidwa ndi anthu. Pa 30 December 2024, m'mudzi wa Mukuku ku Kenya munagwa chitsulo chozungulira ngati mkombero, cholemera pafupifupi makilogalamu 500, chikadali chotentha. Bungwe la boma loona za mlengalenga la dzikolo linafika, kutchinga malowo, n'kuchitenga kukachipima. Masiku ano maroketi ndi masetilaiti akuponyedwa ochuluka kuposa kale, ndipo zotsalira zake zimagwa pena paliponse. Zina zimakhala ndi mafuta apoizoni. Pangano la mayiko la 1967 limati chinthu chotere chimakhalabe cha dziko limene linachiponya, ndipo la 1972 limati dzikolo lilipire ngati chawononga. Koma wodandaula pa mapangano amenewa ndi boma, osati mlimi. Chikagwa pa denga la munthu ku Furancungo, anthu n'kuchiphwanya kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, umboni watha, chipukuta misozi chatayika, mwinanso ana apsa manja. Pa pepala limodzi lija muonjezepo mizere iwiri ya zimenezi: musachikhudze, imbani nambala iyi.

Chimene mtima wanga ukulakalaka koposa ndi chipinda. Sindikunena chinyumba chosanja cha mamiliyoni. Chipinda chimodzi mumzinda wa Tete, china chaching'ono ku Ulónguè, mokhala thunthu la mtengo wa ku Mágoè, tsamba la m'malasha a Moatize, zithunzi za mapale a Chifumbaze zopemphedwa kwa amene akuwasunga, ndi mwala woyamba wochokera kumwamba umene mlimi wa kuno adzabweretse. Mawu ofotokoza alembedwe m'Chipwitikizi, m'Chinyanja ndi m'Chinyungwe. Gule wamkulu wathu anavomerezedwa ndi UNESCO mu 2005 pamodzi ndi wa ku Malawi ndi Zambia. Tsidya linali la malire, mapanga a Chongoni ku Dedza analowa m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, ndipo ana a sukulu amapita kukaona. Anthu ake ndife amodzi, mapiri ake ndi amodzimodzi. Mwana wa mbali ino ya malire nayenso apatsidwe poti n'kuloza.

Mtsikana uja wa funso la khasu anakwatiwa asanamalize sukulu. Ndimakumana naye pa chigayo, ali ndi ana ake. Tsiku lina anandifunsa ngati mwala uja ukadalipo, kuti mwana wake woyamba, amene wayamba kukonda sayansi, akauone. Ndinamuuza zoona.

Olemekezeka, ndili ndi pempho lomaliza, ndipo ili mukhoza kuliyankha chaka chomwe chino. Miyala yotere kawirikawiri siigwa umodzi. Imasweka m'mwamba, zidutswa n'kumwazika mtunda wautali motsata njira imene unadzera. Munda umene mwala wa agogo unagwera ukulimidwabe. Malume anachira, ngakhale maso ayamba kuchita khungu, ndipo akutha kuloza pamene panali dzenje ndi mbali imene kuwala kunachokera monga anawauzira mayi awo. Ali ndi zaka zambiri, sadzakhala nafe nthawi yaitali. Tumizani mphunzitsi mmodzi wa ku Moatize ndi ophunzira ake angapo tikatha kukolola, mapesi atagwa, tisanayambe kugalauza mizere. A mfumu ndalankhula nawo kale ndipo avomera. Malo ogona tidzawapezera kusukulu, ufa ndi nyemba tidzasonkha. Kope limene ndinalembamo mawu a agogo ndikadali nalo, pamodzi ndi zithunzi ziwiri za mwalawo, ndipo ndidzazipereka m'manja mwa amene mudzamutume.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma,
Angónia, chigawo cha Tete